Madzi Akadali M'njira

9 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mdzukulu wanu. Miyendo ija ili bwanji? Ine ndinafika bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi mphepo.

Dziko lake ndi lachilendo, Amayi. Kulibe mtsinje, kulibe chitsime, mtengo ukafika m'chiuno ndiye kuti ndi waukulu. Koma pansi pa mchengawu pali miyala imene anthu akuifuna, ndipo kumigodiko kwamera tauni yathunthu yomwa madzi obwera pa malole. Botolo la madzi kuno limadula kuposa buledi. Ntchito yathu ndi yoyala paipi kuchokera kudamu la kumapiri mpaka kumigodiko. Lole imayenda tsiku lathunthu m'mbali mwake osafika kumapeto. Kukula kwake, munthu amakwawa m'katimo osagunda mutu.

Tikugona m'nyumba zamalata. Aliyense amalandira chigubu chimodzi patsiku: akumwa omwewo, osamba omwewo, ochapira omwewo. Posamba umaima m'beseni, otsalawo n'kuchapira masokosi. Wina anasiya mpope wa thanki ukudontha, anzake sanamulankhule mpaka Lamlungu.

Ine ndili m'gulu lopukuta ndi kupaka phula polumikizira, owotcherera akamaliza. Bedi loyandikana ndi langa ndi la munthu amene timamutcha Wailesi, chifukwa sazima. Iye akuti ine ndine wailesi yopanda mabatire.

Zimene ananena alamu anga ndisananyamuke sindinaiwale, zoti amutenge mwanayo akathandize akazi awo kulera mapasa kutauni. Ndinawayankha kuti madzi akangofika kumigodi ndibwera, ndipo kapitawo akuti afika mu Sepitembala. Ndalama yomalizira ntchito ndi tikiti yobwerera amapereka tsiku lomwelo, osati lisanafike. Ndalama imeneyo ndi ya sekondale ya mwanayu. Alamu akabweranso muwauze choncho.

Ndatumiza kandalama kudzera kwa aphunzitsi. Mugule mankhwala a miyendo ndi nsapato za kusukulu, zokulirapo pang'ono.

Ndikudziwa kuti maso anu sawerenganso, ndipo amene akukuwerengerani mawu awa ndi mwana wangayo, Mafunso. Sindinamutsanzike bwino. Chimwalirire mayi ake nyumba ija inkandilemera, inu mukudziwa. Iwe ukuwerengawe, usathamange, agogo ako amve bwino.

Ndine mwana wanu.

20 Epulo

Amayi,

Kalata yanu yafika, ndipo ndasangalala kumva kuti mankhwala aja akuthandizako. Ine ndili bwino. Ndaona kuti dzanja la mlembi wanu lawongoka, zilembo zikuima bwino pamzere. Ndinaitembenuza kalatayo poganiza kuti mwina kuseri kuli mawu akeake. Palibe kanthu, mapepala ndi odula.

Pali chinthu chandidabwitsa kuno. Paipi imakula ndi dzuwa. Poti pansi pano ndi mwala wokhawokha, sitikuikwirira, tikuigoneka pa timipando ta simenti. M'mawa ndinalemba ndi choko pamene yalekezera, masana ndinapeza yapitirira chokocho ndi chala chathunthu. Madzulo inabwerera. Kusukulu tinaphunzira ndithu kuti chitsulo chimafutukuka chikatentha, koma ndinkayesa ndi za m'mabuku chabe. N'chifukwa chake owotcherera amalawirira, ndipo dzuwa likafika paliwombo amazimitsa makina.

Wowotcherera wathu ndi bambo wachikulire, timangoti Madala. Anandipeza ndikuyeza ndi chokocho, n'kunditcha Aphunzitsi.

"Aphunzitsi, mwapezapo chiyani?"

"Ikuyenda, Madala."

"Ilekerenji? Nayonso ikufuna kwawo. Ikangoona mpata ithawa imeneyi."

Wailesi n'kulowererapo: "Ikamathawa mundidzutse, ndikwere nawo."

Masana mthunzi ndi kamzere kamodzi, ka pansi pa paipi. Timagona mondondozana ngati mikanda. Ukagogoda paipiyo ndi sipanala, anthu a gulu la kutsogolo, amene sitikuwaona n'komwe, amayankha. Madzulo timatseka kukamwa kwake ndi chivundikiro, chifukwa tsiku lina anapezamo nkhandwe itagona ndi ana ake, ndipo panalibe wofuna kulowa kukaiuza kuti isamuke.

Mmodzi wa m'chipinda chathu anamutengera kuchipatala, dzuwa linamugwetsa. Bedi lake apatsa wina. Ine ndimavala chipewa, musade nkhawa.

Denga la kukhitchini muwauze akalipentala alikonze, ndidzawaona. Mbuzi ija musagulitse ngakhale akunyengerereni.

Mwana wanu.

2 Juni

Amayi okondedwa,

Moni kwa inu nonse. Ndamva za chifuwa chanu, muzifunda m'mawa. Kuno kwazizira moti madzi a m'chigubu amaluma mano, koma ndili bwino.

Pansi pa kalata yanu panali mzere umodzi wa tizilembo ting'onoting'ono: "Nanga madziwo akakwera bwanji phiri?" Ndauwerenga kambirimbiri mzere umenewu. Chichitikire maliro aja mwanayu anali asanandifunse kanthu, iye amene tinamutcha Mafunso chifukwa chosatipumitsa. Ndiye mundilole, Amayi, ndimuyankhe kaye.

Inenso sindinkadziwa. Ndinafunsa Wailesi, anati madzi ukawalipira bwino amakwera. Ndinafunsa Madala, anati iwo ntchito yawo ndi yolumikiza, zokwerazo ndikafunse eni ake madzi. Ndiye Lamlungu ndinapempha dalaivala wa lole ya simenti kuti anditengere kunyumba ya mapampu, ndipo mlonda anandilola kusuzumira. M'katimo muli makina obiriwira, akuluakulu ngati ng'ombe zogona. Madzi amalowa m'chinthu chozungulira chokhala ndi mapiko, chimawaponya kutsogolo, a m'mbuyo n'kumakankha anzawo, ngati anthu pakhomo la basi. Akayamba kutopa amapeza nyumba ina ya mapampu, imawakankhanso. Akafika pamwamba amatsika okha. Ngati sunamve, funsanso.

Tsopano za alamu. Ndamva kuti anabwera, ndipo akuti sukulu ikatsekera kumapeto kwa chaka ine ndisanafike, adzamutenga. Sindikuwada. Amene tinaika uja ndi mlongo wawo, ndipo akuona kuti inu mwakalamba, ine ndinachoka. Koma mwana akayamba kubereka ana a eni kumsana sabwereranso m'kalasi, tonse tikudziwa. Sepitembala ndi Disembala n'kutali. Auzeni mtima ukhale pansi.

Mwezi uno ndi uja. Sindilemba zambiri. Mukapita kukalambula kumanda a mayi ake mumutenge mwanayo ngati afuna. Ngati safuna musamukakamize.

Ndine mwana wanu.

18 Ogasiti

Amayi,

Ndili ndi chikhulupiriro kuti muli bwino ngati mmene ndililimu. Pepani ndakhalitsa osalemba, tinali pa liwiro lomaliza.

Ndiyambe ndi mlembi wanu. Ayi, nsomba simudzakhala m'paipimo. Kudamu kuli sefa, ndinafunsa.

Paipi yatha, Amayi. Madala atamaliza polumikizira pomaliza anavula magalasi awo, anakhala pansi. Tsopano ayamba kulowetsa madzi. Sathamanga ayi, akuwalowetsa pang'onopang'ono, akubwera ngati nkhalamba yopita kumsika. Ife atimwaza awiriawiri m'mbali mwa paipi, aliyense ndi chigawo chake, tenti ndi sipanala. Kapitawo anati: "Mukaona podontha, ngati pali potsekera tsekani, ndikamadutsa mundiuze."

Ine ndili ndi Wailesi. Chigawo chathu n'chazitunda. Pamwamba pa chitunda chilichonse, pamsana pa paipi, pali kachitsulo kooneka ngati mphika wovundikira. Timiphika timeneti anaika ndi a gulu lina, ife tinkangotiona podutsa. Dzana m'mawa tinamva kamodzi kakulira, fyoo, ngati tayala lobooka, kenako kanayamba kulavula timadzi. Madzi oyamba! Wailesi anatchera chipewa, anasukusula, n'kunena kuti akoma kuposa tiyi wa apongozi ake.

"Achimwene," ndinatero ine, "akutayikatu awa."

"Iii, zoona! Tsekani msanga, angatisale mpaka Lamlungu."

Pansi pa kamphikako pali chogwirira. Ndinachipotoza, kulira kunaleka. Tinathamangira kuzitunda zinazo n'kukatsekeratu madzi asanafike, kuti lisatayike ndi dontho lomwe. Anzathu a chigawo chotsatira tinawachenjeza, iwonso anachenjeza anzawo. Kapitawo adakali kudamu, tidzamuuza akadutsa.

Chimodzi chokha sindikumvetsa. Chinthu chatsopano chidontherenji? Ndipo bwanji timiphikati tonse tili pamwamba pa zitunda, osati m'zigwa mmene madzi amalemera? Ndidzafunsa.

Mwezi wamawa ngati uno ndidzakhala ndikulongedza. Mundiuze msinkhu wa mwanayo pofika pano, ndaona diresi m'sitolo ya kumigodi.

Mwana wanu.

10 Sepitembala

Amayi,

Moni. Ine ndili bwino, sindinavulale, ndipo palibe amene wavulala. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mukamva zina kwa anthu musadzidzimuke.

Madzi sanafike. Paipi yaphulika malo awiri, m'chigwa cha kumtunda kwa chigawo chathu. Tinaimva tili patenti, kugunda kwake ngati chitseko chachikulu chamenyedwa ndi mphepo. Mapampu azimitsa. Tonse atibweza kumsasa, tikudikira injiniya.

Sindikudziwa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. Alamu musawauze kaye kanthu.

Mwezi uno sinditumiza zambiri, masiku odikira amalipira theka. Diresi ija ndinagula.

Ine mwana wanu.

6 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndalandira kalata yanu, ndipo pepani kuti ndinakusowetsani tulo. Ndili bwino. Ndamva kuti miyendo yayambiranso, muziikweza pampando mukakhala.

Mlembi wanu wafunsa kuti: "Yaphulikiranji?" Ndimuyankha, ngakhale yankho lake silindikomera.

Injiniya ndi mayi wochepa thupi, wa chisoti choyera. Anatisonkhanitsa tonse pathanki. Anatenga kapaipi kapulasitiki koonekera m'kati, anakakweza pamwamba pa mgolo n'kukatsitsira mbali inayo, ngati chitunda. Atathiramo madzi tinaona tokha: pamwamba penipeni panatsala mpweya, madzi n'kumakanika kudutsa. Anati paipi isanalowe madzi sikhala yopanda kanthu, imakhala yodzaza mpweya, ndipo madzi akamabwera mpweyawo umathawira kuzitunda. Timiphika tija ndi mphuno zake. Kulira kuja inali ikupuma. Timadzi tija tikanaleka tokha mpweya ukatha. Ife tinaitseka mphuno, mapampu n'kumakankhabe.

Ndinachita manyazi, Amayi, komanso ndisaname, ndinadabwa. Mpweya womwewu timaupumawu, kung'amba chitsulo chochindikala ngati chala!

Kenako anafunsa kuti anatseka ndani. Ndinakweza dzanja. Wailesi anakweza lake, koyamba kumuona akuchita chinthu osalankhula. Nditacheuka ndinapeza manja ali m'mwamba pafupifupi onse. Mzere wonse, kuchokera kwa ife mpaka kumigodi, kunalibe kamphika kotsegula.

Madala anatsokomola. "Mayi, anthu awa mwawasambitsa m'beseni theka la chaka. Ndiye mwawaimika pamene madzi akutayikira mumchenga. Mumati aziwomba m'manja?"

Mayiyo anavula chisoti, anapukuta nkhope, kenako anaseka pang'ono. Anati n'zoona, panalibe amene anatiuza. Sachotsa munthu. Koma tiyenera kudula poipapo, kuwotchereranso, kukonza timipando tinagwa, ndipo ulendo uno madzi aziwalowetsa chigawo chimodzi, kuyesa, kenako china. Akuti kumigodi afika mu Febuluwale.

Pamene anatayikira madzi paja pamera udzu. Sindikudziwa kuti mbewu zake zinali kuti zaka zonsezi. Kwabweranso mbalame zimene ngakhale mlonda wobadwira konkuno akuti sanazionepo.

Alamu ndawalembera kalata yawoyawo, kuwapempha adikire mpaka Febuluwale. Inunso akabwera mundithandize kupempha.

Iwe ukuwerengawe, mayeso ali pafupi. Zina zonsezi usaziike kumtima, n'za ife akuluakulu.

Ndine mwana wanu.

12 Novembala

Amayi,

Moni kwa inu ndi mwanayo. Thupi lili bwino.

Yankho la alamu lafika, ndi lanu lomwe. Iwo akuti mapasa sadikira madzi, akuti poyamba ndinati Sepitembala, lero Febuluwale, mawa ndidzati chaka chamawa. Sindingawatsutse. Inu mukuti abweretsa kale chikwama chatsopano, ndipo mwanayo wayamba yekha kupindiramo zovala popanda womuuza. Musadziimbe mlandu kuti munalephera kuwakaniza. Wowakaniza ndi bambo wa mwana, ndipo bamboyo ali m'chipululu.

Pansi pa kalata yanu ulendo uno panalibe kanthu.

Ndinapita kwa kapitawo. Ndi munthu wabwino, koma akuti lamulo ndi lomwe lija: wochoka madzi asanafike alibe yomalizira, alibe tikiti. Tchuthi sapereka, poti ochedwetsa ntchito ndife tomwe.

Ndinawafotokozera Madala tikupukuta polumikizira. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukufuna ndikuuzeni chiyani, Aphunzitsi?"

"Ndikatsala, ndalama ya sekondale ilipo, mwana palibe. Ndikapita, mwana alipo, ndalama palibe."

"Ine ndili ndi ana asanu," anatero. "Onse ndinawaphunzitsa ndi mapaipi. Ndikafika kwathu amandipatsa moni wabwino kwambiri, wa alendo." Anatsitsa magalasi, anapitiriza kuwotcherera.

Sindikubisirani, Amayi, ndinkafunitsitsa kuwaona madziwa akugwera m'thanki ya kumigodi. Komanso kuno palibe chondikumbutsa kanthu. Kulibe mpando wa malemu mkazi wanga, kulibe kapu yake. Mwina n'chifukwa chake Febuluwale sanandiwawe mmene anayenera kundiwawira.

Ndikuganiza.

Mwana wanu.

29 Novembala

Amayi anga,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndikulemba nditakhala pabenchi pamalo okwerera basi, m'tauni ya kumunsi kwa damu. Kalatayi ndiponya pompano. Ine ndiima kaye m'njira masiku angapo, pali munthu akufuna omuthandiza kutsitsa simenti, kuti ndalama ya basi yachiwiri ikwane. Ndiye kalata indiyambirira kufika.

Ndachoka. Yomalizira ndaisiya. Jombo ndi bulangeti ndinagulitsa kwa Wailesi, anandipatsa mtengo woposa wa m'sitolo, n'kumanditukwana kuti ndamubera. Anandiperekeza mpaka palole akulankhula, ndipo tikunyamuka anali akulankhulabe.

Ndinakwera lole yamadzi yobwerera yopanda kanthu. Msewu wake ndi wa m'mbali mwa paipi, tsiku lonse. Chakumasana dalaivala anaima pachitunda china kuti injini izizire. Ndinatsika, ndinagwira paipi mwachizolowezi, inali yotentha ngati simbi. Ndinayenda pang'ono chakumtunda ndikuigwiragwira. Mwadzidzidzi dzanja linagwa pozizira. Paipi inali itachita thukuta. Nditaika khutu ndinawamva m'katimo, akuyenda mosafulumira. Tinakumana pamenepo, Amayi, iwo akupita kumigodi, ine ndikupita kwathu. Kamphika ka pachitundapo kanali kakupuma, fyoo, fyoo. Ndinakhala pansi n'kumakamvetsera. Dalaivala anaimba hutala kangapo ndisanadzuke. Nditakwera anandiyang'ana kumaso, n'kuliza injini.

Za sekondale sindikudziwa. Ndabwera ndi manja awiri ndi diresi imene mwina yachepa kale. Tidzakhala pansi, inu ndi ine ndi aphunzitsi, tidzaona poyambira. Ndidzagona m'nyumba ija. Muuze wina atsegule mawindo.

Alamu akandiyambirira kufika, apatseni mpando, andidikire. Ndidzalankhula nawo ndekha, mwaulemu.

Iwe ukuwerengawe, ukamaliza kuwerengera agogo ako, tulutsa zovala zako m'chikwamamo uzibwezere pamalo pake. Chikwamacho uchipukute bwinobwino, tiwabwezera atsibweni ako.

Ndine mwana wanu, ndili m'njira.